Nyimbo ya Onyamula Njerwa

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ine bambo wanu ndinapuma ntchito ndili mphunzitsi wamba, pamene anzanga amene tinayambira limodzi anapuma ali ahedi, ena mpaka oyendera sukulu. Mukawafunsa amayi anu amangoseka. Ndiye popeza dzanja likadagwirabe cholembera, ndati ndikulembereni ndekha kuti musadzamve za m'maluwa ine nditapita. Za ubwana wanga ndazisiya, n'zofanana ndi za mwana aliyense wa kumudzi. Nkhani yanga ikuyambira pa munthu mmodzi, a Kasiyano Nakhumwa, amene anandiphunzitsa kupeka nyimbo.

1941: Kusukulu ya uphunzitsi

Ndinawaona koyamba kusukulu ya uphunzitsi ya mishoni yathu. Anali munthu wamfupi, wa mawu osasa, woti akamaimba yekha simungavomere kuti ndi mphunzitsi wa nyimbo. Makolo awo anachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, ndipo iwo anakulira pakati pa ng'oma za Chilomwe asanaphunzire kuimba limba kwa ansembe. Tsiku loyamba tinalowa m'kalasi titakumbatira mabuku a nyimbo, tikuganiza kuti tiyamba kuloweza monga mwa masiku onse. Iwo anatiyang'ana n'kunena kuti, "Ikani pansi mabukuwo. Nyimbo zimenezo anapeka kale eni ake, ndipo anapeka bwino. Nanga inu mudzapeka ziti?" Tinangoyang'anana. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene ankadziwa kuti munthu wakuda angapeke nyimbo ya m'tchalitchi. Tinkayesa zimabwera pa sitima m'mabokosi limodzi ndi makandulo.

Kaphunzitsidwe kawo ankakatchula kuti kutola. Loweruka ankatibalalitsa kuti tipite kumene anthu akugwira ntchito: kumtondo, kudambo kumene akuponda dothi, kumsika kumene akusenza mabelo a thonje. Ukafika ukhale chete, umvere. Usatenge nyimbo yonse ya eni ake, kumeneko ankati n'kuba. Utole kachidutswa chabe, mwina kagundidwe ka musi, mwina mmene wotsogolera amaponyera mawu anzake n'kuwawakha, ndipo pa kachidutswako umange chako chatsopano, m'mawu anayi, uchilembe mu do-re-mi. Sankaopanso kulola mawu awiri kukhulana pang'ono asanagwirizane, chinthu chimene azungu a pamishoni ankati n'kulakwitsa. Lolemba tinkabwera ndi zimene tamanga, iwo n'kumamvera atatsinzina. Yanga yoyamba itatha anati, "Makwinja, nyimbo yakoyi yavala nsapato zobwereka. Kuyenda ikuyenda, koma ikutsimphina." Kalasi yonse inafa nako kuseka. Ndinapsa mtima kwambiri moti ndinalumbira kuti sindidzapekanso, koma Loweruka lotsatira ndinali woyamba kufika kumtondo.

1944: Kwa Mposa

Ntchito ndinayambira kwa Mposa. Sukulu yake inali yofolera ndi udzu, ndipo Lamulungu inkasanduka tchalitchi. Nkhondo ya azungu inali isanathe, choncho chilichonse chinkasowa. Choko chikatha tinkalembera chinangwa chouma, masileti anali ochepa moti ana ambiri ankalemba pansi ndi chala. Buku la nyimbo linalipo limodzi, lothothoka masamba, ndipo ahedi athu, a Lukasi Chibwana, ankalisunga ngati mankhwala. Kusowa kumeneku kunandithandiza. Popanda mabuku ndinayamba kupeka nyimbo za masamu, za katekisimu, za ukhondo, ana n'kumapita nazo kwawo. A Chibwana sizinkawasangalatsa. Ankati, "Aphunzi, makolo atipatsa ana kuti adziwe kuwerenga. Sanatipatse kuti tiwete mbalame." Anali munthu wabwino koma wamantha, ndipo mantha ake onse anali pa oyendera sukulu.

Chaka chachiwiri a Nakhumwa anabwera pa njinga, kuoloka Shire pa Liwonde, kudzangomva zimene ndinkachita. Umu ndi mmene ankachitira ndi ophunzira awo onse, popanda wowatuma kapena wowalipira. Anakhala kumbuyo pa chipika, ana n'kuimba. Atatha anandiitanira pambali. "Kodi anawa apumire pati? Wawapatsa mzere wautali ngati msewu wa ku Zomba. Dula pakati." Kunena kuti ndachita bwino sananene. Anadya, anakwera njinga, anapita. Patapita masiku, a Chibwana ndiwo anandiuza monyinyirika kuti pochoka mkuluyo anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Mnyamata uyu musamuletse." Kuyambira pamenepo za mbalame sindinazimvenso. Ndi kwa Mposa komweko kumene ndinapeza amayi anu, a Rozina, amene ankaimba mawu achiwiri ndipo ankanditsutsa pamaso pa kwaya yonse akaona kuti ndalakwitsa.

1948: Ku Chiuta

Kenako ananditumiza ku Chiuta, m'mbali mwa nyanja. Akhristu anali ochepa, ambiri anali Asilamu, ndipo ankanditchula kuti amwalimu. Nsomba zikachuluka kalasi inkatsala ndi mabenchi okha, ana onse ali kukayanika. Ine ndinkawatsatira komweko, kumvera asodzi akamakoka makoka, ndipo ndinatola zambiri za Chiyao zimene ndinamangira nyimbo zanga zabwino. Koma moyo unali wowawa. Njala ya chaka chotsatira inatipeza komweko. Udzudzu unali wosaneneka. Agnesi, iwe unadwala malungo mpaka kukomoka, ndipo chipatala chinali kutali moti tinayenda tsiku lathunthu, amayi ako atakubereka, ine ndikukankha njinga m'matope. Unachira, koma amayi ako anandiuza poyera kuti tikadzangochoka ku Chiuta sadzapondakonso.

Ndili komweko ndinamva zoti a Nakhumwa achotsedwa ntchito. Katekisiti wina ndiye anabwera nayo nkhaniyo. Pa Khirisimasi a Nakhumwa anali atalowetsa kang'oma ndi maseche m'tchalitchi cha kusukulu ya uphunzitsi, pa nyimbo yawo yatsopano ya kubadwa kwa Ambuye. Wansembe amene anali atangoyamba kuyang'anira sukulu anati zimenezo n'zachikunja, ndipo anawauza kuti apepese pamaso pa ophunzira. Iwo anayankha kuti angapepese ngati ng'omayo inalira molakwika, koma inalira bwino. Anawachotsa, ndipo kunatuluka lamulo lakuti nyimbo zawo, ndi zina zonse za mtundu umenewo, zisamvekenso m'tchalitchi chilichonse cha mishoni. Anapita kumudzi kwa akazi awo kufupi ndi Balaka, n'kuyamba kulima thonje. Nkhaniyi inandiwawa ngati andichotsa ndine.

1954: Ku Balaka

Patapita zaka mwayi unandigwera. Anandiitana ku Balaka kukakhala wachiwiri kwa ahedi pa sukulu yaikulu ya mishoni. Tinapatsidwa nyumba ya njerwa ya malata, chipatala chili poyandikira, sitima ikulira tsiku ndi tsiku. Amayi anu anayenda m'zipinda zonse akugwiragwira makoma. Bwana wanga anali wansembe yemwe uja anachotsa a Nakhumwa. Anthu anamupatsa dzina lakuti Bambo Msanga, chifukwa chilichonse ankati chichitike msangamsanga. Sindikufuna muganize kuti anali munthu woipa. Anamanga sukulu zambiri, ankayenda yekha ndi mankhwala m'midzi, ndipo limba ankaliimba mokoma zedi. Kungoti ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti Mulungu amamva bwino nyimbo za kwawo. Ine anandikonda. Anandiuza kuti ahedi akapuma kumapeto kwa chaka mpando ndi wanga, ndipo anandipatsa kwaya kuti ndiikonzekeretse tsiku lodalitsa tchalitchi chatsopano chimene Akhristu ankamanga.

Nditangokhazikika ndinapita kukawaona a Nakhumwa. Ndinawapeza m'munda akutola thonje, ataonda, akutsokomola. Mwana wa m'mudzimo amene anandilondolera sankadziwa n'komwe kuti agogowo anakhalapo mphunzitsi. Tinakhala pa mzere, ndipo anandifunsa za amayi anu, za ana, za mtengo wa nsomba ku Chiuta. Za nyimbo sanatchule. Ndinalimba mtima n'kufunsa, "Aphunzitsi, kodi mukupekabe?" Anaseka pang'ono. "Ndipekere yani? Thonje silimva." Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa. Anzanga ena amene tinaphunzira kwa iwo, omwe ankagwira ntchito m'sukulu zozungulira, anali ndi maganizo oti tisonkhe tiwagulire bulangete, tipite kwawo tikawaimbire nyimbo zawo zakale pabwalo. Anali maganizo a chikondi, ndipo bulangetelo tinaguladi. Koma ine ndinawauza kuti kumeneko n'kuzonda wodwala. Munthu amene anachotsedwa chifukwa cha nyimbo zatsopano m'tchalitchi ulemu wake ndi nyimbo yatsopano, m'tchalitchi momwemo, iye ali moyo akumva.

Nyimboyo ndinaitola pafupi. Njerwa za tchalitchi ankaotcha kudambo, ndipo amayi a mpingo ankazisenza pamutu, atandondozana mzere mpaka pamalo omangira. Amayi anu anali m'gulumo. Poyenda ankaimba, wakutsogolo akuponya mawu, am'mbuyo akuwakha, mapazi akugwa pamodzi molemera chifukwa cha katundu. Akafika ankatula njerwa motsatizana, phi, phi, phi. Ndinatola kayendedwe kameneko ndi katulidwe kameneko. Mawu oyamba ankaponya kuti, "Tasenza njerwa, Ambuye," ena onse n'kuwakha kuti, "lowani m'nyumba yanu." A besi ndinawapatsa kugwa kwa njerwa. Ng'oma munalibe, koma aliyense womva akanadziwa kuti nyimboyo inabadwira kudambo, osati m'buku. Ndipo aliyense wodziwa akanazindikira kuti wopekayo anadutsa m'manja mwa yani.

Zobisa sindinazifune. Ndinapita ku ofesi kwa Bambo Msanga n'kuwauza kuti Misa yonse tiimba m'Chilatini monga analamulira, koma nyimbo yotulukira idzakhala yatsopano, ndipo ndidzatchula dzina la amene anandiphunzitsa. Ndinawaimbira pang'ono. Anamvera mpaka pamapeto, nkhope itafiira.

"Aphunzitsi, lamulo mukulidziwa."

"Ndikulidziwa, Bambo."

"Ndiye mukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa Ambuye Episkopi?"

"Iyayi, Bambo. N'chifukwa chake ndabwera kudzakuuzani usana uno. Anthu anasenza tchalitchichi pamutu. Ndikupempha kuti atuluke ndi nyimbo yawo."

Anaseweretsa cholembera. Kenako anati nthawi yatha, palibe wina angatsogolere Chilatini pamaso pa Episkopi, choncho kwaya ikhalabe m'manja mwanga. "Ine ndidzayamba pa limba nyimbo ya m'buku. Mukaitsata, mpando wa ahedi ndi wanu. Mukaimba yanuyo, ana a kwaya sindidzawakhudza, koma inu mudzabwerera ku Chiuta, ndipo ine ndili moyo simudzakhala hedi." Sanakalipe. Anangonena ngati akundiuza nthawi ya sitima.

Chovuta sichinali Bambo Msanga, chinali kunyumba. Nditawafotokozera amayi anu anaika pansi lichero limene anagwira. "Bambo a Agnesi, mwaiwala matope aja? Mwaiwala mwanayu ali lende kumsana kwanga? Mukufuna tisiye chipatala pakhomo chifukwa cha nyimbo?" Ankanena zoona. Ndinangoti zonse zimene ndili nazo, ngakhale nyumba ya malatayo, zinachokera kwa munthu amene akutsokomola m'munda wa thonje, ndipo chifuwa chake sichidikira kuti ndiyambe ndakhala hedi. Kwa masiku angapo ankangondiikira chakudya osandiyankhula. Ndinavutika maganizo koopsa, ndipo ndikuuzeni, akanapitiriza kukana ndikanaimba ya m'buku, popeza ana sanali anga ndekha. Koma madzulo ena anabwera kudzaima pakhomo pamene kwaya inkayeserera. Anamva nyimbo yawo ya kudambo itavala mawu anayi. Pobwerera kunyumba anati, "Ngati mwatsimikiza, muimbe bwino. Tisakadyedwe ndi udzudzu chifukwa cha nyimbo yoipa."

Tsikulo linafika. Anthu anadzaza mpaka pamawindo. A Nakhumwa anali atakana kubwera, koma mnzathu wina anakawatenga pa njinga mokakamiza, ndipo anakhala pa benchi lomaliza pafupi ndi chitseko, atavala jekete lawo lakale la uphunzitsi limene tsopano linkawakulira. Chilatini tinachiimba mosaphonya, dala, kuti pasapezeke wonena kuti tathawira ku zathu chifukwa zawo zatikanika. Misa itatha Episkopi anatembenuka kuti atuluke, ndipo Bambo Msanga anayamba pa limba nyimbo ya m'buku. Anandiyang'ana, inenso ndinawayang'ana. Mantha ndinali nawo, koma kukayika kunalibe. Ndinakweza dzanja, atsikana a mawu oyamba n'kuponya, "Tasenza njerwa, Ambuye." Kwaya inawakha. Pofika kachiwiri amayi a m'mabenchi anali atazindikira mayendedwe awo, ndipo anawakha okha popanda wowaphunzitsa, mapazi akugunda simenti yatsopano. Limba linayesa kulimbana nawo pang'ono, kenako linaleka. Episkopi anaima pakati pa kanjira, anatembenuza mutu, n'kupitiriza ulendo. Mpaka lero sindidziwa ngati anakondwa kapena anadabwa chabe.

Nyimbo itatha, anthu asanabalalike, ndinatembenuka n'kunena mokweza kuti, "Nyimbo iyi ndapeka ndine, Yohane Makwinja, kuchokera kwa amayi osenza njerwa. Koma amene anandiphunzitsa kupeka, ine ndi anzanga ambiri, ndi a Kasiyano Nakhumwa. Ali kumbuyoko." Mitu yonse inatembenuka. Amayi ena anaimba nthungululu. A Nakhumwa sanaimirire, anangowerama. Panja Bambo Msanga anandidutsa n'kunena motsitsa, "Mwasankha, aphunzitsi." Ndinati, "Ndasankha, Bambo." Ndipo anasunga mawu awo onse, chifukwa anali munthu wosabweza mawu. Mwezi usanathe tinali titakweza katundu kubwerera ku Chiuta, kumene Petulo ndi Marita munabadwira. Wansembeyo anakhalitsa, ndipo pomwe ankachoka panali patabwera anyamata a masatifiketi oposa anga. A Nakhumwa nawo anamwalira kusanafike kukolola kwa thonje kotsatira.

Koma ndisathamange, tsikulo linali lisanathe. Anthu atakhamukira kumene kunali mpunga ndi nyama, ndinawapeza a Nakhumwa atakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Ndinapita ndikukonza kale mawu oyankhira akandithokoza. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Itanani a mawu achiwiri ndi a besi." Ndinayesa ndamva molakwa. "Aphunzitsi, anawo akupita kukadya." Anati, "Adya. Aitaneni." Anabwera akunyinyirika, ena atagwira kale mbale. Mkuluyo anawaimika mozungulira n'kuwauza kuti ayambe pamene njerwa zimatulidwa. Sanafike patali, anawaimitsa. "Apa mwafulumira kutseka. Munthu akatula katundu amayamba wapuma, kenako ndiye amayankhula. Siyani mpata." Anaimbanso. "A besi, musagwe nonse pamodzi ngati khoma. Amayi aja amatula mmodzimmodzi." Anasintha manoti pang'ono pa mawu achiwiri kuti akhulane ndi oyamba asanakumane. Ankawomba bondo ndi chikhatho, akuimba ndi mawu awo osasa aja, chifuwa chikawagwira n'kudikira, chikawasiya n'kupitiriza. Jekete anali atavula. Ana aja anaiwala mbale zawo, ndipo anthu anayamba kuchoka kumpunga kudzaonerera.

Chondipweteka n'chakuti paliponse pamene anakonza nyimboyo inakomadi kuposa mmene ndinaipekera. Ndinaima pambali, munthu woti ndangotaya uhedi ndi nyumba ya malata, ndikukonzedwa pamaso pa kwaya yanga ngati mwana wa chaka choyamba. Atapumira ndinalephera kupirira.

"Aphunzitsi, kodi nyimbo yonseyi inali yolakwika?"

Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili m'maso.

"Iyayi, a Makwinja. Nyimboyi ndi yabwino. Yoipa sindikanataya nayo mpweya wanga wotsalawu." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Chichokereni kusukulu kuja anthu akhala akundibweretsera moni ndi chisoni. Inu mwandibweretsera ntchito."

Kenako anatembenukira kwa a besi, dzanja lili m'mwamba.

"Tiyeni, tiyambirenso pa njerwa paja."